Waya Woitana Kumunsi

Senderani pafupi, nkhani iyi sifuna kukuwa. Ndi ya Esinati Makwinja, mmisiri wa zamagetsi wa kutsinde kwa phiri la Mulanje, ndi zomwe zinamuonekera sabata ina m'dzinja, chimanga chili pa ngaiyaye.

Esinati anali atatha zaka ziwiri akupanga kabokosi kochenjeza anthu za madzi osefukira. Kanali kakang'ono ngati buledi, ndipo kanali ndi nthambo zitatu: ina yotsikira mumtsinje kukamva madzi akamakwera, ina yopita ku sola, ina yopita ku lipenga lolira ngati la ambulansi. Kankagwira ntchito bwino lomwe. Chomwe chinatsala chinali chilolezo basi.

Paja chipangizo chilichonse chamagetsi chimatulutsa kaphokoso komwe khutu la munthu silimva, koma wayilesi ndi mafoni zimamva. Phokosolo limatulukira m'nthambo. Nthambo ikatalika, kapena ikakhala yosakutidwa bwino, imasanduka mlongoti: imamwaza phokoso lake n'kumatolanso la eni ake. Ndiye kabokosi kasanapite kumidzi, kanayenera kuyesedwa ndi nthambo zake zonse zitalumikizidwa, kuti zione ngati sikadzasokoneza wayilesi za anthu kapena kusokonezedwa iko komwe. Mayi Kaliwo, a ku bungwe loona za miyezo, anali atanena kuti adzafika Lachisanu kudzaona ndi maso awo.

Esinati anabwereka nyumba yakale yosungiramo tiyi pa esiteti ina yomwe inatsekedwa. A Likoswe, bambo wachikulire wowotcherera zitsulo amene ankagwira naye ntchito, anakuta chipinda chimodzi ndi malata mkati monse, makoma, denga ndi pansi pomwe. Ukalowamo ndi wayilesi ikuimba n'kutseka chitseko, inkangoti zii. Foni nayo inkafa. Tsiku lomwe anamaliza, Esinati anavina yekha pakati pa chipindacho, a Likoswe akuseka mpaka kutsokomola.

Lolemba masana awiriwo anali m'kagalimoto kawo akuchokera kuboma ndi makina oyezera omwe anabwereka. Pa mlatho wa mtsinje wa Namilonje anapeza munthu ataima pakati pa msewu. Anali atavala chikhoti cha khaki, ndipo paphewa anali atakoleka mkombero wa waya. A Likoswe anaimitsa galimoto.

"Tikutengeni, bambo?"

Munthuyo sanayang'ane a Likoswe. Anawerama pa windo la Esinati.

"Mayi, kumunsi alandira?"

"Alandira chiyani, bambo?"

"Ndakhala ndikuimba."

Anangonena zomwezo n'kupatuka, kulowa m'munda wa tiyi wolowera kuphiri. Galimoto itayenda pang'ono, Esinati anaona kuti pomwe munthuyo anagwira pachitseko panali ponyowa, madzi akutsetsereka. Kunja dzuwa linali phwee, fumbi lili koboo. Anayesa kukumbukira nkhope yake, koma chomwe chinkabwera m'maso chinali chikhoti ndi waya basi.

"Anthu a kachasu awa," anatero a Likoswe. Koma anaonjezera liwiro la galimoto.

Madzulo omwewo anayesa koyamba. Anaika kabokosi pa tebulo lamatabwa, nayala nthambo zake zitatu, natseka chitseko. Pagalasi la makina oyezera panali mzere wofiira womwe phokoso silinayenera kudumpha. Mzere wobiriwira, wa kabokosi, unayenda pansi pake mofatsa ngati mwana waulemu. Mtima wa Esinati unadumpha. Anali atatsegula kale pakamwa kuti aimbe nthungululu pamene mzere uja unanyamuka pamalo amodzi, n'kuima chilili ngati mkondo, kupitirira wofiira uja kutalitali. Unatsika. Unakweranso. Katatu, kenako n'kupuma, kenako katatu.

Wina akanakhumudwa, koma Esinati ayi. Kusaka phokoso m'nthambo kunali ngati uzimba kwa iye, ndipo maso ake anawala.

"A Likoswe, nyama yadzionetsa yokha. Ili m'nthambo ya kumtsinje iyi, ndiyo yaitali."

Anatulutsa mphete zakuda zija amaveka pa nthambo kuti zimeze phokoso, zomwe mumaziona ngati kachotupa pa nthambo ya kompyuta. Anaveka ziwiri pa nthambo iliyonse. Mkondo uja unatsika pang'ono. Anakhoma chitseko ndi loko, kiyi n'kuika m'thumba mwake, napita kwawo akuimba.

Lachiwiri m'mawa loko anali chikhomere. Koma mphete zonse zisanu ndi imodzi zinali zitavulidwa, zitandandalikidwa pamzere m'mphepete mwa tebulo, mwadongosolo, ngati munthu waulemu wabweza zinthu zomwe sakuzifuna.

"Mwalowa muno, a Likoswe?"

"Ndilowa bwanji, kiyi ali ndi inu?"

Esinati anaseka, koma kuseka kwake kunamveka kwachilendo m'malatamo. Tsiku lonse analimbana nazo. Anasintha nthambo ya sola n'kuika yokutidwa ndi ukonde wa waya. Anapota mawaya a lipenga awiriawiri ngati chingwe cha mbuzi. Nthambo ya kumtsinje anaidula pakati kuti ifupike, chidutswa chotsalacho n'kuchiponya pakona. M'mawa wonse mzere unali phee. Dzuwa litapendeka, mkondo uja unadzuka, katatu, n'kupuma, katatu.

Kenako anachita chomwe anayenera kuchita poyamba pomwe. Anazimitsa kabokosi, nachotsa batire. M'chipindamo munalibenso china choyaka kupatula makina oyezera. Mkondo uja unapitiriza.

"Si kathu," anatero Esinati. "Kabokosi kathu n'koyera. Izi zikuchokera kunja."

"Kunja kuti? Munanena nokha kuti muno simulowa kanthu."

Esinati atafuna pulayala yake kuti amasule waya wina, sanaipeze. Anaifuna paliponse. Anakaipeza a Likoswe panja, kuseri kwa nyumba, pansi pa mtengo wakale wa telefoni womwe unalibenso waya ndi mmodzi yemwe. Inali ndi matope ofiira, matope a kuphiri.

Usiku umenewo mvula inayamba kumtunda. Kumunsi kunkangowaza, koma phiri linafunda mitambo yakuda, osaonekanso.

Lachitatu anapeza nthambo ya kumtsinje italumikizidwanso. Chidutswa chija anachiponya pakona chinali chitabwerera pamalo pake. Mfundo yake inali yokongola moti Esinati anaiwala mantha, naitola kuti aione bwino: mawaya awiri atapiringizana mothinana, mizere isanu ndi itatu mbali iyi, isanu ndi itatu mbali iyo, popanda mtovu, popanda tepi.

"Taonani luso ili. Ndani amamanga chonchi masiku ano?"

A Likoswe anaiyang'ana nthawi yaitali. Kenako anakhala pansi pa bokosi la zida, navula chipewa.

"Palibe, mwana wanga. Womanga chonchi ndinamuona mmodzi yekha, ine ndili mnyamata. A Mulipa."

Anafotokoza pang'onopang'ono. Kale esitetiyo inali ndi telefoni yakeyake, yopukusa ndi dzanja. Waya wake unkachokera ku damu la kumtunda, kudutsa pa nyumba yomweyo, mpaka ku sitolo ya m'mudzi wa Nantchefu kumunsi. A Mulipa ndiwo ankausamala. Chaka china mvula inagwa masiku atatu paphiri, ndipo madzulo a tsiku lachitatu iwo ali ku damu anaona Napolo, chinjoka cha m'phiri chobweretsa chigumula, akudzuka. Anapukusa telefoni, osayankhidwa, chifukwa mtengo unali utagwera waya penapake. Mlonda wa ku damu anawaona akunyamula mkombero wa waya n'kuthamangira kumunsi kukalumikiza. Sanaonekenso. Ku Nantchefu madzi anapeza anthu ali m'nyumba.

"Kulira kwa telefoni ya ku Nantchefu kunali katatu," anatero a Likoswe. "Ukapukusa kamodzi ndi ku ofesi, kawiri ku fakitale, katatu ku Nantchefu."

Esinati anacheukira makina oyezera aja. Ku Nantchefu n'komwe kunkakhala azakhali ake, a Felesita, amene anamulera. Koma mutu wake wa umisiri sunagone.

"Chabwino. Koma chalowera pati? Chipinda chilibe bowo." Anaima kaye. "A Likoswe, waya wolumikiza malata a chipinda chino ndi nthaka munaumangirira kuti?"

Bamboyo anakanda m'mutu. Anati tsiku lomwe ankakhoma malata anafuna kukhomera chitsulo pansi, koma pakona panja anapeza waya wamkuwa wonenepa utatulukira m'nthaka, wolimba bwino, ndiye anangomangirira pomwepo.

Anatuluka ndi khasu. Wayawo unali wobiriwira ndi ukalamba, ndipo unkalowa pansi molunjika kuphiri. Esinati anaombetsa manja.

"Ndi umenewu, waya wa telefoni ija. Mlongoti wautali makilomita angapo, ife taulowetsa tokha m'chipinda. Mawa tigula chitsulo chatsopano, tidula uwu, nkhani yatha."

Ananena molimba mtima, koma potseka chitseko tsikulo anapezeka akunena kuti "tapita" kwa chipinda chopanda munthu.

Lachinayi linali tsiku lachitatu la mvula ya kuphiri. Chitsulo chatsopano anachipeza mochedwa, ndipo pomwe a Likoswe ankamaliza kuchikhomera, dzuwa linali litapendeka. Esinati anali mkati, chodulira waya chili m'manja. Pagalasi mkondo uja unali utayamba kale, koma tsopano sunkapuma. Katatu, katatu, katatu, mothamanga.

Makina oyezerawo anali ndi kasipikala komvetsera phokoso, komwe Esinati anali asanayatsepo. Chala chake chinapita chokha.

Poyamba kunamveka mkokomo ngati wa mvula pa malata. Kenako kulira kwa belu, kokhwekhwereza, katatu. Ndipo pansi pa mkokomowo panali chinthu chonga mawu a munthu wotopa kwambiri, wopuma mwawefuwefu.

"Halo, kumunsi. Halo, kumunsi."

A Likoswe anali ataima pakhomo, nyundo ili m'manja. "Dulani, mwana wanga. Za akufa n'za akufa. Mawa kukubwera alendo."

Esinati anaika chodulira pa waya. Kungofinya kamodzi, zaka ziwiri za ntchito yake zikanapulumuka. Koma mawu aja anabweranso, ndipo sanali oopseza. Anali a munthu amene wagogoda pakhomo nthawi yaitali.

Anaika chodulira pansi. Anazula kasipikala kena m'bokosi la zida, nalumikiza waya wake umodzi ku waya wamkuwa uja, wina ku chitsulo chatsopano. Paja sipikala ukaiyankhulira imasanduka cholankhulira. Anagwada, milomo ili pafupi.

"Kumunsi kuno. Tikukumvani, bambo."

Mkokomo uja unaleka. M'chipindamo munangoti zii. Kenako mawu anabwera, omveka bwino ngati munthu ali pambali pake.

"Phiri lang'ambika. Auzeni akwere ku sukulu. Asatenge katundu."

Mzere wobiriwira unagwa pansi n'kugona.

Esinati anadzambatuka. "Nyamulani batire ndi lipenga. Ine nditenga kabokosi."

"Taganizani kaye," anatero a Likoswe, ngakhale anali atawerama kale kunyamula batire. "Mukakaliza lipenga ili lero madzi osabwera, ndani adzalimverenso? Mwawauza anthu a kumidzi zaka ziwiri kuti likalira athawe. Mukufuna kuliyamba ndi bodza?"

"Ndikudziwa. Tiyeni."

Galimoto inatsika msewu wa m'minda ya tiyi ikudumpha m'maenje. Esinati anali kumbuyo, atagwira lipenga ndi dzanja limodzi, lina likugunditsa mawaya awiri a nthambo ya kumtsinje kuti kabokosi kayese madzi akwera. Lipenga linalira koyamba pamaso pa anthu, kulira kong'amba makutu, agalu n'kuyamba kuuwa midzi yonse. Esinati anapezeka akuseka ndi misozi, mphepo ikumumenya kumaso.

Ku Nantchefu kunali bata. Mvula inali itakata, kadzuwa kakusuzumira kumadzulo, mtsinje wa Namilonje ukuyenda m'malire mwake. Anthu anatuluka m'nyumba akudabwa. Anyamata a pa bawo anaimirira manja ali m'chiuno.

"Kwerani ku sukulu," Esinati ankakuwa. "Madzi akubwera. Siyani katundu."

"Madzi ake ati, achemwali?" anafunsa wina. "Mukuyesa makina anu?"

Anthu anaseka. Palibe anasuntha.

A Felesita anatulukira kuseri kwa nyumba yawo atanyamula lichero la nyemba. Anali mayi wosakonda zachibwana, ndipo anayenda molunjika ku galimoto.

"Esinati, tsika apo. Kabokosi kako kali m'manja mwako, sikali mumtsinje. Wakuuza ndani za madzi?"

Esinati anayang'ana a Likoswe. Iwo anayang'ana pansi. Panalibe bodza lomwe likanathandiza.

"A Mulipa, azakhali. Aimba."

Lichero linapendekeka, nyemba n'kumwazika. A Felesita anali ndi zaka zisanu ndi zinayi chaka cha Napolo uja, ndipo anapulumukira mumtengo wa mango, usiku wonse akumva amayi awo akuitana mpaka mawu anatha. Kwa zaka zonsezo anthu ena ankanena kuti a Mulipa anathawa ntchito tsiku limenelo.

"Ati chiyani?"

"Ati mukwere ku sukulu. Musatenge katundu."

Mayiwo sanafunsenso. Anamanga chitenje m'chiuno, natola chitsulo, nayamba kumenya chigubu chomwe chinali pakhonde, akuitana anthu mayina nyumba ndi nyumba. Achikulire omwe ankakumbukira atangomva dzina lija ananyamula adzukulu n'kuyamba kuyenda. Ana ataona agogo awo akuthamanga, nawonso anathamanga. A Likoswe anayenda maulendo anayi ndi galimoto kututa odwala ndi nkhalamba. Pomwe kachisisira kankagwa, mudzi wonse unali pachitunda cha sukulu, mbuzi ndi nkhuku zomwe.

Ndiye anadikira. Kumunsi nyumba zinali chiimire, utsi ukufuka m'makhitchini osiyidwa. Mphindi zinapita. Udzudzu unayamba kuluma. Mwana wina analira njala.

"Ndiwo zanga zikupserera," anatero mayi wina. Anyamata a pa bawo aja anayamba kung'ung'udza, ndipo awiri ananyamuka kuti azitsika. Esinati anayang'ana kumtsinje. Anaona maso a anthu akumulasa mmodzimmodzi. A Felesita anakaima pakati pa njira.

"Wodutsa apa ayambe wandigwetsa ine."

Woyamba kumva anali agalu. Onse analeka kuuwa nthawi imodzi n'kupanikiza michira. Kenako nthaka inayamba kunjenjemera pansi pa mapazi, pang'onopang'ono, ngati kukubwera sitima. Kunabwera fungo la dothi lofukulidwa ndi mitengo yothyoka. Ndipo kuchokera m'chigwa munatuluka chinthu chakuda, chachitali kuposa madenga, chikugubuduza miyala yaikulu ngati nyumba, mitengo ya bulugamu itaimirira pamsana pake. Ena amati chinali ndi mutu. Esinati amati iye sanaone mutu, komanso sanayang'anitsitse.

Chinadutsa pa Nantchefu nthawi yosakwana kumwa kapu ya tiyi. Chitapita, pomwe panali nyumba makumi anayi panali matope ndi miyala.

Kenako mphunzitsi wamkulu anayamba kuitana mabanja, limodzi ndi limodzi, ndipo banja lililonse linkayankha kuti tonse tilipo. Atafika pa banja lomaliza, nthungululu inaphulika pachitundapo. Anthu omwe analibenso nyumba, mbale kapena bulangete anavina m'matope, akukumbatirana, akulira, akumunyamula Esinati m'mwamba ngati mkwatibwi. A Felesita okha anaima pambali, atayang'ana kuphiri, milomo ikuyenda.

Mayi Kaliwo sanafike Lachisanu chifukwa mlatho unapita. Anafika sabata yotsatira, atazungulira njira ina. Anali munthu wosamala, wa magalasi ndi fayilo, ndipo Esinati anali atawadandaulira kale pafoni za phokoso losadziwika lomwe linkamuvutitsa. Anayendera chipinda chonse, nagwira nthambo iliyonse, nayeza utali wake. Anayesa m'mawa, anayesanso dzuwa litapendeka. Mzere wobiriwira unayenda pansi pa wofiira kuyambira koyamba mpaka kumapeto, osagwedezeka.

"Kapambana," anatero, akusayina. "Ndipo chipinda chanu n'chachete kuposa zambiri zomwe ndalowamo. Koma pali mpata apa wofunika kulemba. Phokoso lija munalithetsa bwanji? Mphete, kapena munasintha nthambo?"

A Likoswe anatsokomola n'kutuluka panja. Esinati anayang'ana cholembera chomwe chinali chikudikira pamwamba pa pepala.

"Zimenezo sizinathandize, mayi."

"Nanga linangosiya lokha?"

"Ayi," anatero Esinati. "Tinaliyankha."